Kusankha njira pa netiweki yopanda nsanja: kuyerekeza AODV, DSR, OLSR, Babel ndi zinzake

Netiweki ya ad hoc ndi gulu la zipangizo zimene zimalankhulana pa wailesi popanda nsanja ya mafoni, popanda chingwe, ndiponso popanda rauta yapakati yozilamulira. Chipangizo chilichonse chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: chimatumiza mauthenga ake, komanso chimalandira mauthenga a zinzake n'kuwapatsira kutsogolo mpaka akafike kumene akupita. Nzeru imeneyi si yatsopano, pakuti bungwe la DARPA la ku United States linayamba kuyesa mawailesi opatsirana mapaketi, ndiye kuti tizidutswa timene uthenga umagawidwamo potumizidwa, m'zaka za m'ma 1970. Lero manetiweki otere amapezeka pakati pa opulumutsa anthu pamene chivomezi kapena madzi osefukira agwetsa nsanja, m'magulu a madroni ouluka pamodzi, m'timasensa toyeza kutentha ndi chinyezi, ndiponso pamadenga a nyumba m'mizinda imene anthu amadzimangira okha netiweki yawo.

Funso lalikulu pa netiweki yotere ndi lakuti paketi ikachoka pa chipangizo ichi idzere pa ziti kuti ikafike, ndipo malamulo amene zipangizo zimatsata poliyankha ndiwo ndondomeko zosankhira njira. Pa intaneti ya zingwe funsoli linapeza mayankho okhazikika kalekale, koma pa wailesi pali zinthu zitatu zosokoneza. Ulalo wa pakati pa zipangizo ziwiri umatha kukhalapo tsopano n'kusowa pakangopita masekondi ochepa, chifukwa chimodzi chasuntha kapena lole yaima pakati pawo. Mpata wa pa wailesi ndi umodzi wogawana, kotero uthenga uliwonse wofunsira njira umalanda malo a uthenga weniweni wa munthu. Ndipo zipangizo zambiri zimadalira batire, limene sililimba wailesi ikamalankhula kosalekeza.

Anthu akamayerekeza ndondomekozi amakonda kuzigawa m'mabanja awiri, zimene zimakonzeratu njira ndi zimene zimafufuza njira pokhapokha ikafunika. Kugawa kumeneku n'kothandiza ndipo ndiyamba nako, koma ndikukhulupirira kuti amene akufuna kuwongolera netiweki yake adzapeza phindu lalikulu penapake: pa mmene ndondomekoyo imayezera ubwino wa ulalo uliwonse. Ndondomeko ya banja lililonse ikamayeza molakwika imasankha njira yoipa, ndipo imaisankha mwachangu ndi motsimikiza.

Zokonzeratu njira: DSDV ndi OLSR

DSDV, imene Charles Perkins ndi Pravin Bhagwat anailongosola m'chaka cha 1994, ndi gogo wa banja loyambali. Chipangizo chilichonse chimasunga kaundula wa zipangizo zonse za pa netiweki, ndipo pa dzina lililonse chimalembapo chiwerengero cha masitepe okafikira kumeneko (sitepe imodzi ndi kuchoka pa chipangizo china kufika pa choyandikana nacho) ndi chipangizo choyandikana chimene paketi iyenera kupatsidwa. Ndondomeko zakale za mtundu uwu zinali ndi nthenda yodziwika: ulalo ukaduka, chipangizo A chinkaganiza kuti njira ili kwa B, pamene B nacho chikuganiza kuti ili kwa A, paketi n'kumangozungulira pakati pa ziwirizo. DSDV inachiza nthendayi ndi nambala yotsatizana imene mwini adiresi amaikweza nthawi ndi nthawi, kotero kuti uthenga wa nambala yaikulu umadziwika kuti ndi watsopano ndipo wakalewo umatayidwa. Masiku ano DSDV imapezeka makamaka m'makalasi ndi m'mapulogalamu oyeserera, koma nambala yake yotsatizana idakali yamoyo mu AODV ndi mu Babel.

OLSR ndiyo inatchuka pa zipangizo zenizeni. Inachokera ku bungwe lofufuza la INRIA ku France, ndipo Thomas Clausen ndi Philippe Jacquet anaikonza kukhala chikalata cha RFC 3626 mu Okutobala 2003 (ma RFC ndi zikalata zofotokoza malamulo a intaneti, zambiri zochokera ku bungwe la IETF). Chipangizo chilichonse chimaulutsa uthenga wa HELLO pa masekondi 2 aliwonse, ndipo mwa mauthenga amenewa chimadziwa zoyandikana nazo komanso zoyandikana ndi zoyandikanazo. Luso la OLSR lili pamenepa: chipangizo chimasankha pakati pa zoyandikana nazo kagulu kakang'ono kokwanira kufikira zonse za pa sitepe yachiwiri, ndipo zosankhidwazo zimatchedwa ma MPR. Uthenga wa TC, umene umafotokozera netiweki yonse za maulalo ndipo umatuluka pa masekondi 5 aliwonse, umabwerezedwa ndi ma MPR okha. Pamalo pamene zipangizo zathithikana, mwachitsanzo 20 zonse zikumvana, kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa m'malo moti 20 zonsezo zibwereze uthenga umodzi, zimabwereza zochepa chabe. Palinso kanthu kamene ambiri sakagwiritsa ntchito: chipangizo chilichonse chimalengeza kufunitsitsa kwake kukhala MPR ndi nambala yoyambira pa 0 kufika pa 7, yachizolowezi ikukhala 3. Chipangizo cha batire lofooka chikhoza kutsitsa nambalayi, ndipo cholumikizidwa ku magetsi chikhoza kuikweza, katundu wopatsira mauthenga n'kugwera amene angamuthe.

Ubwino wa OLSR ndi wakuti njira imakhala ilipo kale paketi isanabadwe, choncho palibe kudikira. Mtengo wake ndi wakuti mauthenga a HELLO ndi TC amayenda usana ndi usiku, ngakhale pamene palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akutumiza kanthu. Komanso mwachizolowezi chipangizo chimadikira masekondi 6 chisanavomereze kuti choyandikana nacho chasowa, ndipo pa nthawi yonseyo mapaketi amaponyedwa kwa amene kulibe. Mukhoza kufupikitsa nthawiyi, koma mukatero mumachulukitsa mauthenga olamulira, ndipo palibe nambala imene imathetsa mavuto onse awiri. OLSRv2, imene inatuluka ngati RFC 7181 m'chaka cha 2014, sinachotse vutoli, koma inabweretsa chinthu chofunika kwambiri chimene yoyamba ija inalibe, ndicho kulola kuti ulalo uliwonse ukhale ndi mtengo wake m'malo mongowerengedwa ngati sitepe imodzi.

Zofufuza njira ikafunika: AODV ndi DSR

AODV, yolembedwa mu RFC 3561 mu Julayi 2003 ndi Charles Perkins, Elizabeth Belding-Royer ndi Samir Das, siivutika ndi njira zimene palibe akuzifuna. Tiyerekeze kuti chipangizo A chikufuna kutumiza paketi kwa F ndipo sichikudziwa njira. Chimasunga kaye paketiyo n'kuulutsa funso lotchedwa RREQ. Chipangizo chilichonse cholandira funsoli chimalemba kumene lachokera, kuti chidziwe njira yobwerera kwa A, kenako chimaliulutsanso kamodzi kokha, ndipo likabweranso ndi nambala yomweyo chimalitaya. Funsoli likafika kwa F, kapena kwa chipangizo china chimene chili ndi njira yatsopano mokwanira yopita kwa F, yankho lotchedwa RREP limabwerera motsata mapazi a funso lija, ndipo chipangizo chilichonse chimene yankholo ladutsapo chimangolemba amene chidzamupatsire paketi yopita kwa F. Palibe chimene chimadziwa njira yonse. Njira ikakhala masekondi 3 osagwiritsidwa ntchito imatha mphamvu, ndipo ulalo ukaduka pakati pa ntchito uthenga wa RERR umachenjeza onse amene amadalira ulalowo.

Pofuna kuti funso lisadzaze netiweki yonse pamene F ali pafupi, AODV imayamba kufunsa pa sitepe 1 yokha, yankho likapanda kubwera imafika pa masitepe 3, kenako 5, kenako 7, ndipo pamenepo m'pamene imatumiza funso lotha kuyenda masitepe 35. Izi zimapulumutsa mpata wa pa wailesi, koma zimatalikitsa kudikira kwa paketi yoyamba ngati F ali kutali. Pa timasensa totumiza muyezo kamodzi pa ola kudikira kumeneku sikupweteka munthu, ndipo n'chifukwa chake Zigbee, njira yolumikizira tizipangizo ta batire pa wailesi, inatengera kufufuza njira kwake ku AODV. Pa mawu a munthu amene akuitana thandizo, kudikira komweko kumamveka.

DSR, imene David Johnson ndi David Maltz anaiyambitsa ku yunivesite ya Carnegie Mellon m'zaka za m'ma 1990 ndipo inakhala RFC 4728 m'chaka cha 2007, imafunsa mofananamo koma imasunga yankho mwanjira ina. Funso likamayenda, chipangizo chilichonse chimalembapo adiresi yake, kotero wotumiza amalandira mndandanda wonse wa njira ndipo amaulemba pamutu pa paketi iliyonse. Popeza njira imaoneka poyera pa paketi, zipangizo zimene zangoimva ikudutsa zimaphunzirapo njira zatsopano kwaulere n'kuzisunga, ndipo ulalo ukaduka chipangizo chapakati chikhoza kupulumutsa paketiyo poiika pa njira ina imene chinasunga. DSR ikhozanso kukhala chete kotheratu pamene palibe akutumiza kanthu, zimene batire limakondwera nazo.

Zofooka zake ndi ziwiri. Adiresi ya IPv4 ili ndi mabaiti 4, choncho njira ya maadiresi 10 imawonjezera mabaiti 40 pa paketi iliyonse, pamene paketi ya mawu nthawi zina imanyamula mabaiti 20 okha a mawuwo. Olemba chikalata chake anaikonzera manetiweki a zipangizo zosapitirira pafupifupi 200. Chofooka chachiwiri n'chobisika koma choopsa kuposa choyambacho: njira zosungidwa zimakalamba, ndipo popeza DSR ilibe nambala yotsatizana yosiyanitsira nkhani yatsopano ndi yakale, chipangizo chikhoza kuyankha funso ndi njira yakufa, ena n'kuimva, n'kuisunganso. Pa netiweki yaing'ono yosuntha pang'onopang'ono DSR imachita bwino ndi mauthenga olamulira ochepa, koma zipangizo zikachuluka ndi kuthamanga ine ndingasankhe AODV, chifukwa kuiwala msanga kumene AODV imachita kumaiteteza ku mabodza a dzulo.

Zapakati, ndi zodalira malo

ZRP, ya Zygmunt Haas wa ku Cornell m'chaka cha 1997, imakonzeratu njira za zipangizo zapafupi ndi kufufuza zakutali pokhapokha zikafunika. Nzeruyo ndi yabwino, koma kukula kwa dera lapafupi kumafuna kusinthidwa malinga ndi liwiro ndi kuchuluka kwa zipangizo, ndipo ZRP sinafike pokhala chikalata chomaliza cha IETF. Kusakaniza kumene kunafika m'zipangizo zogulitsidwa ndi HWMP ya mu IEEE 802.11s (malamulo a Wi-Fi yopatsirana mauthenga) ya 2011, imene imafufuza njira mofanana ndi AODV koma imalola chipangizo chimodzi, kawirikawiri chimene chili ndi khomo lotulukira ku intaneti, kudzilengeza nthawi ndi nthawi kuti njira yopita kwa icho ikhale yokonzeka.

GPSR, ya Brad Karp ndi H. T. Kung a ku Harvard m'chaka cha 2000, imasiya kaundula wa njira palimodzi. Chipangizo chimangopatsira paketi kwa choyandikana chimene chili kufupi kwambiri ndi malo a wolandira, ndipo chikafika pa mpata wopanda zipangizo chimailambalalitsa m'mphepete mwa mpatawo mpaka ipezenso poyandikira. Pa galimoto ndi madroni, zimene zili kale ndi GPS ndipo maulalo awo sakhalitsa, njira imeneyi ili ndi nzeru. Komabe wotumiza ayenera kudziwa kumene wolandira ali panopa, ndipo kufalitsa nkhani imeneyo ndi ntchito inanso yodya mpata. M'nyumba ndi pansi pa nthaka GPS siigwira bwino. Ndipo masamu olambalalira mpata amaganiza kuti wailesi imafika mofanana mbali zonse, pamene makoma ndi zitunda sizilola zimenezo.

Muyezo wa ulalo

Ndondomeko zoyambirira monga DSDV, OLSR, AODV ndi DSR zinkasankha njira ya masitepe ochepa. Pa zingwe zimenezi n'zomveka, koma pa wailesi njira ya masitepe ochepa ndi njira ya masitepe ataliatali, ndipo sitepe yaitali ndiyo ili kumapeto kwa mphamvu ya wailesi, kumene mapaketi amatayika. Ndondomeko yowerenga masitepe okha imakokedwa, mwa chibadwa chake, kupita ku maulalo ofooka kwambiri.

M'chaka cha 2002 Henrik Lundgren, Erik Nordström ndi Christian Tschudin a ku yunivesite ya Uppsala anayesa AODV pa makompyuta enieni a Wi-Fi ya mtundu wa 802.11b ndipo anapeza madera amene mauthenga a HELLO amafika koma mapaketi a deta safika. Zifukwa zake n'zosavuta kumva. HELLO ndi uthenga waung'ono, umaulutsidwa pa liwiro lotsika limene limafika patali, ndipo sufuna yankho. Paketi ya deta ndi yaikulu, imatumizidwa pa liwiro lokwera, ndipo imafuna kuti wolandira abweze chizindikiro chakuti yafika. Chotero ndondomeko inkaona choyandikana chimene kwenikweni sichingalandire katundu, n'kusiya njira yabwino ya masitepe awiri kuthamangira ya sitepe imodzi yosagwira ntchito.

Yankho lodziwika kwambiri linabwera m'chaka cha 2003 kuchokera kwa Douglas De Couto, Daniel Aguayo, John Bicket ndi Robert Morris a ku MIT, ndipo limatchedwa ETX. Limafunsa kuti paketi iyenera kutumizidwa kangati pa ulalo uwu kuti ifike ndi kuti chizindikiro chibwerere. Chipangizo chilichonse chimaulutsa kapaketi koyesera kamodzi pa sekondi, zoyandikana n'kuwerenga timene tafika pa masekondi 10 apitawa. Tiyerekeze ulalo wolunjika wa A ndi C umene umafikitsa mapaketi 5 mwa 10 popita ndi 5 mwa 10 pobwera. Mwayi woti zonse ziwiri zitheke ndi 0.5 kuchulukitsa ndi 0.5, ndiye kuti 0.25, choncho paketi iliyonse imafuna kutumizidwa pafupifupi ka 4. Tsono pakhale chipangizo B pakati, ndipo maulalo ake awiri azifikitsa 9 mwa 10 mbali zonse. Ulalo uliwonse uli ndi mwayi wa 0.81, ETX yake ndi pafupifupi 1.23, ndipo iwiriyo pamodzi ndi pafupifupi 2.5. Wowerenga masitepe amasankha njira ya 4 chifukwa ndi sitepe imodzi; ETX imasankha ya 2.5. Pa netiweki yawo yoyesera ya zipangizo 29, ofufuzawa anaona kuti pa njira zazitali deta yodutsa inkawirikiza kawiri kapena kuposa nthawi zambiri, ndipo anachita zimenezi osasintha banja la ndondomeko: anangoika muyezo watsopano mu DSDV ndi DSR.

ETX nayo ili ndi malire. Siiona liwiro, kotero ulalo wa megabiti 1 pa sekondi ndi wa megabiti 54 amaoneka ofanana ngati onse sataya mapaketi. Richard Draves, Jitendra Padhye ndi Brian Zill a ku Microsoft Research anawonjezerapo m'chaka cha 2004 muyezo wa ETT, umene umachulukitsa ETX ndi nthawi imene paketi imatenga pa wailesi, ndi WCETT, umene umakonda njira yosinthasintha matchanelo. Chachiwirichi chili ndi chifukwa chenicheni: wailesi imodzi siingalandire ndi kutumiza nthawi imodzi pa tchanelo chimodzi, choncho pa sitepe yachiwiri deta yodutsa imatsika kufika pafupifupi theka, ndipo imatsikabe masitepe akamawonjezeka chifukwa zoyandikana zimasokonezana. Palibe ndondomeko imene ingabweze mpata umenewu, kupatula kuika wailesi yachiwiri pa tchanelo china. Muyezo wa mu 802.11s nawo umawerenga nthawi ya pa wailesi.

Zinthu ziwiri ziyenera kusamalidwa muyezo wotere ukaikidwa. Choyamba, ubwino wa ulalo umagwedezeka, ndipo ndondomeko yothamangira njira iliyonse imene yaoneka yabwinoko pang'ono imangosinthasintha, mapaketi n'kumafika mosokonezeka. Pamafunika lamulo lakuti njira yatsopano ipose yakale moonekeratu, kwa kanthawi, isanasankhidwe. Chachiwiri, muyezo wa masekondi 10 apitawa umanena za kale, ndipo droni youluka pa mamita 20 pa sekondi imakhala itasuntha mamita 200 pa nthawi imeneyo. Pamenepo ndi bwino kuti wailesi yeniyeniyo iuze ndondomeko nthawi yomweyo kuti chizindikiro sichinabwere kapena mphamvu ikutsika, ndipo ndi ntchito yotere imene DLEP, njira yolankhulirana pakati pa wailesi ndi rauta ya mu RFC 8175 ya 2017, inakonzedwera.

Zobadwira pamadenga: batman-adv ndi Babel

B.A.T.M.A.N. inachokera kwa anthu a gulu la Freifunk ku Germany, amene anayendetsa OLSR pamadenga a mizinda yawo n'kuona kuti zipangizo zikakhala ndi mapu osiyana pang'ono a netiweki, mapaketi amazungulira. Anasiya mapu palimodzi. Chipangizo chilichonse chimaulutsa kauthenga konena kuti chilipo, mwachizolowezi kamodzi pa sekondi, ndipo zinzake zimangoona kuti kauthengako kakufika bwino kwambiri kudzera mwa choyandikana chiti. Mtundu wake wa batman-adv unalowa mu Linux 2.6.38 m'chaka cha 2011, ndipo umagwira ntchito pansi pa IP, osayang'ana maadiresi a intaneti, kotero netiweki yonse imaoneka ngati switchi imodzi yaikulu, bokosi limodzi limene zipangizo zonse zalumikizidwako: foni ikhoza kuchoka pa chipangizo china kupita pa china osasintha adiresi. Kukoma kumeneku kuli ndi mtengo wake, chifukwa mauthenga oulutsidwa kwa onse, monga a ARP ofunsa mwini wa adiresi, amafuna kuyenda netiweki yonse, ndipo netiweki ikakula kwambiri pamafunika kuigawa m'zigawo.

Babel, ya Juliusz Chroboczek wa ku Paris, inayamba ngati RFC 6126 m'chaka cha 2011 ndipo inakhazikitsidwa ngati RFC 8966 m'chaka cha 2021. Imasunga kaundula wofanana ndi wa DSDV, koma ili ndi lamulo lakuti chipangizo chisalandire njira imene ingathe kubwerera kwa icho chomwe. Njira zonse zololedwa zikatha, chimapempha mwini adiresi kuti akweze nambala yake yotsatizana nthawi yomweyo, osadikira kuti nthawi yolengeza ikwane. Chimene ndimaikondera Babel n'chakuti imavomereza kuti manetiweki enieni ndi osakanikirana: pa chingwe imawerenga sitepe, pa wailesi imagwiritsa ntchito muyezo wa mtundu wa ETX, ndipo zonsezo zimayenda mu ndondomeko imodzi. Imapezeka m'mapulogalamu a babeld, BIRD ndi FRR, choncho woyang'anira netiweki sakhala womangika ku pulogalamu imodzi.

Timasensa tili ndi zosowa zina. Pa IEEE 802.15.4, wailesi ya mphamvu yochepa imene timasensa tambiri timagwiritsa ntchito, paketi siipitirira mabaiti 127, ndipo pafupifupi mauthenga onse amapita kumalo amodzi osonkhanitsira. RPL, ya mu RFC 6550 ya 2012, imamanga njira zonse molunjika ku malo amenewo, otchedwa muzu, ndipo imachepetsa kulankhula ndi njira ya Trickle: zinthu zikakhala bata nthawi ya pakati pa malengezo imawirikiza kawiri mobwerezabwereza, ndipo kusagwirizana kukangooneka imabwerera pa yaifupi. RPL siiyenera zipangizo zothamanga, ndipo pakati pa timasensa tiwiri toyandikana paketi imatha kukwera kaye cha ku muzu isanatsike. Koma nzeru ya Trickle ikhoza kubwerekedwa ndi ndondomeko iliyonse imene imalankhula pa nthawi yoikika ngakhale palibe chasintha.

Zowongolera zina, ndi chitetezo

Kuulutsa funso kwa onse kuli ndi vuto limene ofufuza a ku Taiwan analifotokoza m'chaka cha 1999: zipangizo zoyandikana zikalandira uthenga nthawi imodzi zimaubwereza nthawi imodzi, ngati anthu ambiri oyankha pamodzi m'chipinda chimodzi, ndipo palibe chimene chimamveka. Mankhwala otsika mtengo kwambiri ndi kuchedwetsa chipangizo chilichonse ndi kanthawi kosiyana kosankhidwa mwachisawawa, monga RFC 5148 imalangizira, ndi kuchiuza kuti chikamva uthengawo utabwerezedwa kale kangapo chisaubwerezenso. Ulalo ukaduka pafupi ndi wolandira, AODV imalola chipangizo cha pamalopo kufufuza njira chokha m'malo mobwerera kwa wotumiza. AOMDV, ya Mahesh Marina ndi Samir Das ya 2001, imasunga njira zingapo kuchokera pa funso limodzi, ngakhale kuti pa netiweki yothamanga njira yachiwiriyo kawirikawiri imakhala itafa kale pamene ikufunika.

Chitetezo sichiyenera kusiyidwa kumapeto kwa ntchito, chifukwa ndondomeko zoyambirira zinalembedwa mokhulupirira chipangizo chilichonse. Mu AODV chipangizo chachinyengo chikhoza kuyankha funso lililonse ndi nambala yotsatizana yaikulu kwambiri, njira zonse n'kukhotera kwa icho, icho n'kumataya mapaketi. Kusindikiza mauthenga olamulira ndi kiyi yachinsinsi, monga RFC 8967 imachitira pa Babel, kumatsekereza mlendo, koma sikuletsa chipangizo cha m'kati chimene chabedwa pamodzi ndi kiyi yake. Sikuletsanso achinyengo awiri otalikirana amene amajambula mauthenga enieni mbali ino n'kuwaulutsanso mbali inayo, kuti zipangizo zakutali zizidziona ngati zoyandikana. Pa zimenezi pamafunika njira yochotsera kiyi ya chipangizo chotayika, ndi kuyang'anira ngati mapaketi akufikadi.

Kusankha ndi kuyesa

Pa zipangizo zokhazikika pamadenga, zokhala ndi magetsi ndi anthu ambiri otumiza nthawi imodzi, zokonzeratu njira ndizo zoyenera: Babel ngati pali kusakanikirana kwa zingwe ndi wailesi, batman-adv ngati chofunika kwambiri n'chakuti mafoni aziyenda osaduka, OLSRv2 ngati zipangizo zathithikana ndipo woyang'anira akufuna kuona mapu onse. Pa zipangizo za batire zolankhula mwa apo ndi apo, za banja la AODV zimasunga mphamvu, ndipo ngati zonse zikutumiza kumalo amodzi RPL ndiyo inapangidwira zimenezo. Pa zothamanga kwambiri, malo a GPS ndi chenjezo lochokera ku wailesi zimathandiza kuposa kaundula aliyense. Koma amene ali kale ndi netiweki yovuta ayambe waona ngati ikuwerenga masitepe okha asanasinthe ndondomeko yonse, chifukwa kusintha muyezo ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kusamutsa zipangizo zonse.

Zotsatira za kuyeserera pa kompyuta ziyenera kuwerengedwa mosamala. Kuyerekeza kotchuka kwa 1998, kumene gulu la ku Carnegie Mellon linachita ndi pulogalamu ya ns-2 pa DSDV, DSR, AODV ndi ndondomeko ina yotchedwa TORA, kunali kwa zipangizo 50 pa bwalo la mamita 1500 ndi 300 lopanda khoma, zikuyenda mwachisawawa. M'chaka cha 2003 Jungkeun Yoon, Mingyan Liu ndi Brian Noble a ku Michigan anaonetsa kuti pa kayendedwe kameneka, ngati liwiro lotsikitsitsa lili pa 0, zipangizo zimanka zichedwa nthawi ikamapita, kotero ndondomeko imaoneka ngati ikuchita bwino pamene kwenikweni ntchito yake ndiyo yapepuka. N'chifukwa chake anthu a manetiweki a pamadenga amakumana ku Battlemesh, kumene amaika ndondomeko zosiyanasiyana pa marauta omwewo, pamalo amodzi, n'kuziyesa moonetsana.

Aliyense akhoza kuchita zofananazo ndi zipangizo zochepa. Ziikeni pamalo pamene zidzagwire ntchito, ndi makoma ake ndi ma Wi-Fi ena oyandikana. Tumizani mapaketi aakulu ngati a ntchito yeniyeni, osati timapaketi toyesera ta ping tokha, chifukwa aang'ono amadutsa pamene aakulu amakanika. Yezani mbali zonse ziwiri za ulalo uliwonse, popeza wailesi yamphamvu imamveka kwa yofooka imene siingathe kuyankha. Kenako, deta ili mkati moyenda, zimitsani chipangizo chapakati chimene chikunyamula katundu wambiri, ndipo lembani masekondi amene apite paketi yotsatira isanafike, ndi mapaketi amene atayike pa nthawi imeneyo. Bwerezani zomwezo pochiyatsanso, chifukwa ndondomeko zina zimasokonezeka kwambiri njira yakale ikabwerera kuposa pamene inasowa.